Achifwamba atachoka mantha anatsala: mwezi wanga woyamba pambuyo pa mfuti

Ndimagwira ntchito yolandira ndalama ndi kulemba mabuku a katundu m'sitolo ina yogulitsa mopikulitsa ku Kamwala, kuno ku Lusaka, ndipo kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Nkhani iyi ndalembera anthu amene akumana ndi zoopsa, kaya ndi achifwamba, ngozi ya pamsewu, moto kapena kumenyedwa, amene thupi lawo latuluka bwinobwino koma iwo eni akudabwa kuti chawalowa m'mutu n'chiyani. M'masabata oyamba a vuto langa ndinkakhulupirira ndithu kuti misala yayamba, ndipo chimene chinandizunza koposa chinali kusadziwa kuti zimene ndinkamvazo zimachitikira anthu ambiri, madokotala amazidziwa ndi dzina lakuti acute stress disorder, ndipo kwa ambiri zimatha.

Zinachitika m'nyengo yozizira ya chaka cha 2024, nthawi itangopitirira 17 koloko, ife tikutseka. Mlonda wathu, bambo wachikulire amene tonse pantchito timawatchula kuti amalume, anali atatsitsa chitseko chachitsulo mpaka pakati, ndipo ine ndinali patebulo ndikuwerenga ndalama za tsikulo. Amuna atatu analowa chowerama pansi pa chitsekocho, awiri atanyamula mfuti. Amalume atangoti aimirire anamenyedwa ndi mfuti pamutu, nagwa, magazi akuchucha. Ine ndinalamulidwa kugona chafufumimba, ndipo mmodzi anandikanikiza mfuti kuseri kwa khutu uku mnzake akukokolola ndalama ndi mafoni. Anzanga amene anali kumbuyo kosungira katundu amati zonsezo zinatha mofulumira kwambiri, koma kwa ine nthawi inaima. Ndinkadziona ngati ndaima poteropo, pafupi ndi matumba a shuga, ndikuyang'ana munthu wina wovala malaya anga atagona pansi. Mawu a achifwambawo ankamveka ngati akuchokera kutali, ndipo mantha sindinawamve n'komwe panthawiyo, ndinangouma.

Madzulo omwewo, titawasiya amalume m'manja mwa madokotala, ndinapita kukapereka sitetimenti kupolisi. Apa m'pamene ndinayamba kudzidabwa. Ndinkakumbukira bwino nsapato za amene anandiponda pamsana, mpaka chingwe chake chimodzi chimene chinali chosamanga, koma nkhope za anthuwo, zovala zawo, ngakhale mmene anatulukira, zonsezo zinali zitafufutika. Wapolisi anali wodekha ndipo anandifunsa mobwereza popanda kundikalipira, komabe ndinatuluka ndi nkhawa yakuti anthu adzaganiza kuti ndikubisa zinazake, popeza wosunga ndalama ndi amene amayamba kukayikiridwa zoterezi zikachitika. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kuiwala mbali zina za chochitika choopsa n'chimodzi mwa zizindikiro zodziwika bwino za vutoli, ndipo ndikanakonda kuti aliyense wofunsa munthu wopulumuka azidziwa zimenezi asanayambe kumuyang'ana ndi diso lokayikira.

Kunyumba kwathu ku Chawama anthu anabwera ambiri kudzatipepesa, monga mwa mwambo wathu, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Pafupifupi aliyense ankamaliza ndi mawu amodzimodzi akuti, "Thokozani Mulungu, bambo, ndalama zimapezeka koma moyo supezeka." Mawuwo ndi oona, ndipo ndinkathokozadi. Vuto linali lakuti mlendo aliyense ankafuna kumva nkhaniyo kuyambira pachiyambi, ndipo nthawi iliyonse ndikaifotokoza manja ankachita thukuta, mtima n'kumathamanga, kukhosi n'kuuma. Alendo akachoka ndinkatsala wolefuka, osafuna ngakhale nsima.

Usiku ndiwo unali woipitsitsa. Chaka chimenecho chilala chinachepetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri, kotero kuti komboni yonse inkakhala mumdima. Ndinkagona maso ali gwa, ndikumvetsera phokoso lililonse la panja, ndipo galu akauwa ndinkadzuka kukayesa loko ya chitseko imene ndinali nditaiyesa kale. Tulo tikandigwira pang'ono ndinkalota ndikukanikizidwa pansi, n'kudzidzimuka ndikukuwa, mayi a kunyumba akundigwira mapewa. Masana nawo sanali a mtendere. Mnansi wathu ali ndi kagolosale ka chitseko chachitsulo, ndipo tsiku lina atachitsitsa madzulo ndinapezeka nditagwada pakhonde, ndikumva kuzizira kwa mfuti kuseri kwa khutu. Sikunali kukumbukira wamba, chifukwa kwa kamphindi kameneko ndinalidi m'sitolo muja, zinthu zikuchitikanso.

Panalinso zina zimene sizioneka ngati mantha, ndipo izi ndi zimene apabanja amavutika kuzimvetsa. Ndinayamba kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, monga mwana kugwetsa supuni kapena wailesi kukwezedwa mawu. Mwana wathu wamng'ono akabwera kudzandionetsa zimene walemba kusukulu, ndinkadziwa m'mutu kuti ndiyenera kusangalala, koma mumtima munalibe kanthu. Ine amene ntchito yanga ndi manambala ndinkalephera kuwonkhetsa ndalama za ndiwo ndi makala. Abwana anandipatsa masiku opuma, ndipo atatha ndinakwera minibasi yopita m'tauni, koma nditatsikira pafupi ndi Kafue Roundabout kuti ndiyende wapansi kulowera ku Kamwala, miyendo inakana. Ndinabwerera kunyumba, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapewa ngakhale kutchula dzina la malowo.

Aliyense anali ndi tanthauzo lake la zimene zinkandichitikirazi. Amayi anaimba foni kuchokera ku Katete n'kunena kuti ndili ndi minyama, ndipite kumudzi ndikasambe mankhwala. Mkulu wina wa kumpingo, mwachikondi ndithu, anandiuza kuti mantha ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chofooka. Anzanga aamuna ankati mwamuna salira, ndipite nawo kumowa ndikaiwale. Ine mwini ndinali ndi tanthauzo limene sindinkauza munthu, lakuti mutu wasokonekera ndipo mapeto ake ndi ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, kumene ambiri a ife kuno ku Lusaka tinakula tikukuopa ngati malo amene munthu akalowa sabwererako ndi ulemu wake.

Amene anandichotsa pa maganizo amenewa ndi alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba, omwe ndi namwino. Anakhala nane pansi tili awiri, ndipo za achifwamba sanandifunse n'komwe. Anafunsa mmene ndikugonera, mmene ndikudyera, ndiponso ngati ndimaganizapo zodzivulaza. Atamva zonse anati, "Alamu, simunapenge ayi. Thupi lanu likuganizabe kuti anthu aja sanachoke. Mawa tipite limodzi mukaonane ndi a zaumoyo wa maganizo, wina amene anaphunzira zimenezi akufotokozereni bwinobwino."

Kuchipatala cha m'dera lathu ndinaonana ndi clinical officer wa matenda a maganizo, wocheperapo msinkhu kwa ine koma wodziwa ntchito yake. Choyamba anafuna kutsimikiza ngati inenso ndinamenyedwa pamutu, chifukwa kugwedezeka kwa ubongo kumabweretsanso kuiwala, chizungulire, kusagona ndi kupsa mtima, ndipo kumafuna chisamaliro chakechake. Atakhutira kuti mutu sunakhudzidwe anandifunsa mafunso ambiri, kenako anati, "Bambo, zimene muli nazozi timazitcha acute stress disorder." Anafotokoza kuti ndi kusokonezeka kwa maganizo ndi thupi kumene kumadza munthu akayang'anizana ndi imfa, kuvulala kwakukulu kapena kugwiriridwa, kaya zachitikira iye mwini, kaya waona ndi maso zikuchitikira wina, kaya wamva kuti zagwera m'bale wake wapamtima mwangozi kapena mwankhanza. Madokotala amagwiritsa ntchito dzinali pamene zizindikiro zakhalapo kwa masiku osachepera 3 koma osapitirira mwezi umodzi chichitikireni zoopsazo. Masiku oyambirirawo sawerengedwa ngati matenda, chifukwa anthu ambiri amanjenjemera ndi kusowa tulo panthawi imeneyo, ndipo zizindikiro zikapitirira mwezi dzina limasintha kukhala post-traumatic stress disorder, imene ambiri amaidziwa ndi zilembo zakuti PTSD.

Nditayamba kupezako bwino ndinawerenga zambiri pa intaneti kuti ndimvetse chimene chinandigwira. Vutoli linalowa m'buku la matenda a maganizo la bungwe la American Psychiatric Association, lotchedwa DSM, m'chaka cha 1994, pamene PTSD inali italowamo kale mu 1980. Buku lokonzedwanso la 2013 limatchula zizindikiro 14, ndipo munthu amanenedwa kuti ali ndi vutoli akakhala ndi zosachepera 9 zimene zikumusautsa kwambiri kapena kumusokoneza pantchito ndi pabanja. Nditaziwerenga ndinapeza moyo wanga wa masabata amenewo utalembedwa mmenemo: zokumbukira zobwera zokha munthu asanaziitane, maloto oopsa, kumva ngati zinthu zikuchitikanso, kulephera kusangalala, kudziona ngati uli kunja kwa thupi lako, kuiwala mbali ya chochitikacho, kupewa malo ndi nkhani zokumbutsa, kusagona, kupsa mtima, kukhala tcheru mopitirira muyezo, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse. Misozi inatuluka powerenga, chifukwa zinthu zimene ndinkazibisa ngati zamanyazi zinali zodziwika kwa madokotala a m'mayiko onse.

Chimene chinandimasula kwambiri ndi kumvetsa chifukwa chake thupi limachita zimenezi. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuzindikira ngozi. Kakaona choopsa sikadikira kuti munthu aganize, koma kamachititsa thupi kutulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima n'kuthamanga, mpweya n'kufupika, minofu n'kukungika, zonsezo kuti munthu alimbane nacho choopsacho, athawe, kapena aume pamalo amodzi. Panthawi yoteroyo ubongo susunga nkhani mwadongosolo monga umachitira masiku onse, koma umagwira tizidutswa: phokoso, fungo, kuzizira kwa chitsulo, chingwe cha nsapato. N'chifukwa chake chitseko cha mnansi chinkandigwetsa pansi pamene nkhope za achifwamba sindinkazikumbukira. Kumudzi tinkaona nkhuku imene yapulumuka kwa kabawi ikuthawira pansi pa nkhokwe ikangoona mthunzi uliwonse ukudutsa, ngakhale wa njiwa, ndipo pamatenga nthawi kuti iyambenso kudya poyera. Ubongo wa munthu nawo umafuna nthawi ndi umboni wobwerezabwereza kuti ukhulupirire kuti ngozi yatha.

Kudziwa zimenezi kunandipepuza pa mlandu umene ndinkadziimba ndekha usiku uliwonse, wakuti amalume akumenyedwa ine sindinakuwe, sindinadzuke, sindinachite kalikonse. Kuuma pamaso pa mfuti si chisankho cha munthu wamantha. Ndi chimodzi mwa zinthu zimene thupi limachita lokha pofuna kusunga moyo, ndipo asilikali ndi apolisi ophunzitsidwa bwino nawonso zimawachitikira. Ndikunena zimenezi mwamphamvu chifukwa ndikudziwa kuti akazi ambiri amene anagwiriridwa amafunsidwa funso lankhanza lakuti bwanji sunakuwe, ndipo ena amadzifunsa okha kwa zaka zambiri.

Si aliyense wokumana ndi zoopsa amene amadwala chonchi. Buku la DSM lija limasonyeza kuti mwa anthu 100 opulumuka ngozi za pamsewu, pakati pa 13 ndi 21 amapezeka ndi vutoli, pamene mwa ochitiridwa nkhanza ndi munthu mnzawo, monga kumenyedwa kapena kugwiriridwa, chiwerengero chimakhala pakati pa 20 ndi 50. Ine sindidabwa nako kusiyana kumeneku, chifukwa choopsa chochokera m'manja mwa munthu chimakuchititsa kukayikira aliyense wolowa pakhomo, pamene tonsefe timakhala pakati pa anthu tsiku lonse. Amene anakumanapo ndi zoopsa kale, kapena amene anali ndi vuto la nkhawa zisanachitike, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Bungwe la World Health Organization, m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, siliwerenga kusokonezeka kwa masiku oyambirira ngati matenda a maganizo, koma ngati mmene munthu wabwinobwino amayankhira chinthu choopsa. Kwa ine zonse ziwiri zinali zothandiza, popeza kumva kuti ndine wabwinobwino kunandichotsa manyazi, ndipo kumva kuti vutoli madokotala amalizindikira kunachititsa kuti abwana ndi abale asalitenge ngati ulesi.

Chinthu choyamba chimene ndinapempha kuchipatala chinali mapilitsi ogonetsa, popeza tulo ndi timene ndinkalakalaka kuposa chakudya. Clinical officer uja anakana mwaulemu. Anati mankhwala a gulu la diazepam amagonetsadi usiku umenewo, koma sachiritsa vutoli, akhoza kuchedwetsa kuchira, ndipo munthu amawazolowera msanga moti amavutika kuwasiya. Malangizo a World Health Organization a 2013 amanena zomwezo, kuti mankhwala amenewa asaperekedwe pofuna kuchepetsa zizindikirozi kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba. Za mowa anati n'chimodzimodzi, chifukwa umagwetsa munthu m'tulo koma tulo take timakhala todukaduka, ndipo ukatha m'thupi nkhawa imabwerera ndi mphamvu zambiri. Ndimaona kuti apa ndi pamene amuna ambiri a m'makomboni athu amatayikira, chifukwa bala la mfuti kapena la ngozi limapola, koma botolo limene analiyamba m'mwezi umenewo limakhala nawo zaka.

Anandiuzanso chinthu chimene chinasintha masiku anga nthawi yomweyo, chakuti sindili wokakamizidwa kufotokozera mlendo aliyense zimene zinachitika. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti munthu akangopulumuka ayenera kukhazikidwa pansi kuti anene zonse mwatsatanetsatane pa ulendo umodzi, koma kafukufuku anaonetsa kuti njira imeneyi siteteza ku PTSD ndipo ena imawapweteka. Chimene chimalimbikitsidwa tsopano ndi chithandizo choyamba cha maganizo, chimene World Health Organization ndi mabungwe anzake anachilembera buku la malangizo mu 2011, ndipo mutu wake ndi wosavuta: yang'anani ngati munthuyo ali pabwino, mumvetsereni ngati akufuna kulankhula popanda kumukakamiza, ndipo mulumikizeni ndi abale ake ndi thandizo limene akusowa. Kuyambira tsiku limenelo mayi a kunyumba ndi amene ankalandira alendo n'kuwafotokozera mwachidule. Mlendo akaumirira ankayankha kuti, "Abambo akadali otopa, nkhaniyo adzakusimbirani okha akapeza bwino." Amene anandithandiza koposa ndi aja amene ankangobwera kudzakhala nane, tikumvera mpira pa wailesi, osafunsa kanthu.

Zina zinali zazing'ono koma zofunika kuzichita tsiku lililonse. Ndinaphunzitsidwa kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndi mphuno kenako kuutulutsa kwa nthawi yaitali kuposa yokokera, chifukwa kutero kumachepetsa liwiro la mtima. Zinthu zikayamba kubwereranso m'maso, ndinkaponda pansi mwamphamvu n'kutchula mokweza zimene ndikuona pamene ndilipo, tsiku lake ndi malo ake, kuti ubongo udziwe kuti ndili ku Chawama osati m'sitolo. Ndinkadzuka ndi kugona nthawi yofanana ngakhale tulo tavuta, ndinasiya tiyi wa madzulo ndi zakumwa zopatsa mphamvu, ndipo m'mawa ndinkaperekeza ana kusukulu wapansi. Tinagulanso kanyale ka sola kuti magetsi akazima chipinda chisakhale mumdima wa ndiweyani.

Ntchito yaikulu inali kubwerera ku Kamwala, ndipo pano ndikufuna kufotokoza mofatsa chifukwa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kusakakamizidwa kusimba nkhani kwa alendo sikutanthauza kuthawa zokumbutsa mpaka kalekale. Munthu akapewa malo amene akumuopsa amapeza mpumulo wa kanthawi, koma mpumulo umenewo umaphunzitsa ubongo kuti malowo ndi oopsadi ndipo kuthawa ndi kumene kwamupulumutsa, motero mantha amakula, ndipo malo amene munthu angapiteko amachepa tsiku ndi tsiku. Clinical officer uja anandithandiza kundandalika zinthu zimene ndinkaziopa, kuyambira chopepuka kufika cholemera. Ndinayamba ndi chitseko cha mnansi, amene ndinamupempha kuti azichitsitsa ine nditaima pafupi ndikudziwa kuti chikutsika. Kenako ndinapita ku Kamwala Lamlungu pamodzi ndi mng'ono wanga, n'kungoima kutsidya kwa msewu ndikuyang'ana sitolo. Lamulo linali limodzi, lakuti ndisachoke mantha ali pamwamba, koma ndidikire ndikupuma mpaka mtima utatsika, ngakhale pang'ono chabe. Pambuyo pake ndinalowa m'sitolo m'mawa anthu ali ambiri, kenako ndinayamba kugwira ntchito mpaka masana, ndipo chomaliza chinali kukhalapo panthawi yotseka, chitseko chikutsika ine nditakhala patebulo lomwe lija. Tsiku limenelo malaya ananyowa ndi thukuta, koma ndinamaliza kuwerenga ndalama ndipo zinakwanira.

Pakati pa maulendo amenewa tinkakambirananso nkhani yonse ya tsiku lija m'chipinda cha chipatala, pang'onopang'ono, ine ndikusankha poyambira ndi polekezera, ndiponso kuunika maganizo amene anali atandimera, monga akuti aliyense wovala chipewa ndi chigawenga. Njira imeneyi imatchedwa cognitive behavioural therapy yolunjika pa choopsacho, ndipo ndi imene ili ndi umboni wamphamvu. Richard Bryant, katswiri wa ku Australia amene wafufuza kwambiri za vutoli, anaonetsa pamodzi ndi anzake mu 1998 kuti anthu amene analandira magawo 5 okha a chithandizochi atangopezeka ndi vutoli anadwala PTSD ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anangolandira uphungu wolimbikitsa. Kusiyana kwake ndi kusimbira alendo n'kwakuti pano munthu amabwereza nkhaniyo ndi cholinga, ali ndi womutsogolera, mpaka tizidutswa tija titalumikizana n'kukhala nkhani ya zinthu zimene zinachitika n'kutha.

Pemphero sindinalisiye, ndipo abusa athu atamva zimene achipatala ananena anandilimbikitsa kupitiriza zonse ziwiri. Amayi ndinawafotokozera pafoni mwaulemu kuti ndikulandira thandizo ndipo ndikupezako bwino, iwo n'kunena kuti chachikulu n'chakuti mwana wawo agone tulo. Mwezi utatsala pang'ono kutha maloto anali atachepa kwambiri, ndipo pa tsiku loonananso ndi clinical officer tinapeza kuti zizindikiro zambiri zapita. Kudzidzimuka ndi phokoso ladzidzidzi kunatsalako kwa miyezi ingapo, koma sikunkandilepheretsanso ntchito.

Za amalume zinayenda mwanjira ina, ndipo andilola kuti ndizitchule. Bala lawo linasokedwa n'kupola, anabwerera kuntchito ine ndisanabwerere, ndipo tonse tinkawayamikira kuti ndi olimba mtima. Patapita miyezi m'pamene anayamba kusagona, kukwiya, ndi kumwa kachasu, chinthu chimene sankachita kale. Buku la DSM limanena kuti pafupifupi theka la anthu amene amadzadwala PTSD ndi amene anayamba ndi acute stress disorder, kutanthauza kuti enawo m'mwezi woyamba sanaonetse zizindikiro zokwanira. Choncho munthu wooneka wolimba m'masabata oyamba asaiwalidwe. Ndinawaperekeza ku Chainama Hills Hospital, chipatala chimene chili pa Great East Road ndipo chinatsegulidwa mu 1962, ndipo ndinapeza kuti ambiri amene tinakhala nawo pamzere anali anthu wamba ochokera kuntchito ndi kusukulu, oonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Amalume anapezeka ndi PTSD, akulandira chithandizo, ndipo mowa anasiya.

Pali zinthu zimene siziyenera kudikira kuti mwezi uthe. Munthu akayamba kuganiza zodzipha kapena zovulaza ena, akasiya kudya ndi kumwa, akamalephera kudzisamalira kapena kusamalira ana ake, kapena akamamva mawu ndi kuona zinthu zosakhudzana ndi chochitikacho, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Womenyedwa pamutu amene akusanza, akusinza mosalekeza kapena mutu ukumuwawa moonjezereka akufunika dokotala mwamsanga. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo ku Victim Support Unit ya apolisi kuli anthu oona za milandu yotere. Ana nawonso vutoli limawagwira, koma iwo kawirikawiri sanena ndi pakamwa: amayambanso kukodza pogona, amakakamira mayi awo, kapena amabwereza chochitikacho m'masewero awo, ndipo kuwakalipira kumangowonjezera mantha.

Kuno ku Lusaka poyambira ndi kiliniki ya pafupi kapena zipatala za m'madera monga za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata, zimene zingakutumizeni ku Chainama kapena ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) pakafunika kutero. Amene sangathe kutuluka m'nyumba, kapena akuopa kuonedwa, angaimbe kwaulere nambala ya Lifeline ya 933, ndipo ya ana ndi 116. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, limateteza ulemu ndi ufulu wa munthu wofuna chithandizo cha maganizo. Mukafika pamaso pa namwino musangonena kuti mutu ukuwawa kapena kuti simukugona, chifukwa pamzere wautali n'kosavuta kupatsidwa panado n'kubwerera kunyumba. Nenani momveka kuti pa tsiku lakutilakuti munakumana ndi chinthu choopsa, ndipo kuyambira pamenepo mukulota, mukudzidzimuka, mukupewa malo ena, ndipo mukufuna kuonana ndi wa zaumoyo wa maganizo. Ngati kulankhula kukuvuta, lembani zizindikirozo papepala kapena tengani m'bale amene wakhala akukuonani usiku, ndipo musanatuluke pemphani tsiku lodzaonananso mwezi ukakwana chichitikireni zoopsazo.